PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Kuphunzitsa Ana Aang'ono Malembo ndi Nambala ndi Zinthu Zimene Tili Nazo Pakhomo

Malemba owerenga: Yoswa 4:1-9, 19-24, Deuteronomo 6:4-9, 2 Timoteo 1:5 ndi 3:14-15

MAWU OYAMBA

Phunziro la mwezi uno likukhudza ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, amene ali m'manja mwathu kunyumba, ku Sande Sukulu ndi ku sukulu za mmera mpoyamba. Tikupempha atsogoleri a magulu kuti phunziroli aligawe pawiri kapena patatu, ndipo chilichonse chimene chalembedwa pano achiyese ndi manja pamsonkhano pomwepo, chifukwa kungomva chabe sikudzatithandiza.

Maphunziro a pulayimale aulere atayamba m'dziko muno mu 1994, ana a m'sukulu adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chimenechi chidali chinthu chabwino, koma mpaka lero m'malo ambiri mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amakhala ndi ana oposa 100. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale waluso chotani, sangathe kugwira dzanja la mwana aliyense. Mwana amene walowa m'kalasi yotero asadagwirepo chinthu cholembera ndiponso asakudziwa kuwerenga zala zake, amakhala kumbuyo chete. Akabwereza kalasi kawiri kapena katatu amayamba kuchita manyazi pokhala wamkulu pakati pa tiana, ndipo ambiri otere amasiya sukulu. Akakhala mtsikana, tikudziwa tonse kumene njirayo imakathera. Nkhaniyi tsono ndi yathu, ndipo mankhwala ake ali pakhomo pathu pomwe.

1. ZIMENE MALEMBA AKUTIPHUNZITSA

Aisraeli atawoloka mtsinje wa Yordano, Mulungu adauza Yoswa kuti asankhe amuna 12, mmodzi pa fuko lililonse, ndipo aliyense anyamule mwala umodzi kuchokera pakati pa mtsinjewo. Miyalayo adakayiimika ku Giligala. Cholinga chake chidali choti ana akadzaiona adzafunse tanthauzo lake, ndipo makolo adzapeze poyambira kufotokoza ntchito za Mulungu. Taonani dongosolo lake: choyamba mwana aone chinthu ndi maso, chachiwiri afunse, chachitatu wamkulu afotokoze. Taonaninso kuti mwala umodzi unkaimira fuko limodzi. Mwana wowerenga miyalayo ankawerenga mafuko a anthu ake.

Pa Deuteronomo 6 makolo akulamulidwa kuphunzitsa ana awo pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, ndiponso kulemba mawu a Mulungu pamphuthu za nyumba ndi pazipata. Sukulu yoyamba ndi khomo la mwana. Paulo naye akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chidayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, ndi kuti adadziwa Malemba kuyambira ali wamng'ono. Amayi awiri amenewa sadali ansembe kapena aphunzitsi a malamulo. Adali amayi ngati ife.

Bungwe lathu lidayambitsidwa ndi Mary Sumner mu 1876 ku Old Alresford m'dziko la England, pamene adasonkhanitsa amayi a m'parishi yawo kuti azithandizana pa ntchito yolera ana. Chimodzi mwa zolinga zathu zisanu ndi kulimbikitsa makolo kulera ana awo m'chikhulupiriro ndi m'moyo wa Mpingo. M'chaka cha 2000 Mothers' Union idayambitsa ntchito yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga ku Malawi, ku Burundi ndi ku Sudan. Ngati tidaona kufunika kophunzitsa amayi amene sukulu idawapitirira, kuli bwanji ana amene akuyamba kumene? Mwana wodziwa kuwerenga adzatsegula yekha Baibulo ndi buku la mapemphero, adzawerengera agogo ake malangizo a pa botolo la mankhwala, ndipo sadzaberedwa pa sikelo pogulitsa mbewu.

2. CHIFUKWA CHAKE MWANA AMAPHUNZIRA NDI MANJA

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino tidaona ku sikelo ya ana kuti mwana amakula mwa dongosolo. Amayamba wakhala, kenaka kukwawa, kenaka kuimirira. Manja nawonso ali ndi dongosolo lake. Mwana amayamba kugwira chinthu ndi dzanja lonse, pambuyo pake ndi pamene zala zimaphunzira kutola tinthu ting'onoting'ono. Mwana wa zaka zitatu tikamupatsa pensulo ndi kope la mizere yopanikizana, tamupatsa ntchito imene zala zake sizidakhwimire. Amatopa, amalira, ndipo amayamba kudana ndi kulemba. Koma kuumba dongo, kutola miyala, kutunga mikanda ikuluikulu pa chingwe ndi kujambula pamchenga kumalimbitsa zala zomwezo pang'onopang'ono.

Chinanso ndi ichi. Lembo "a" kapena nambala "5" kwa mwana ndi chizindikiro chabe chimene sichinena kanthu. Tanthauzo lake limabwera mwana akachilumikiza ndi chinthu chimene wachigwira, wachimva kapena wachitchula. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene adatsegula sukulu ya ana a mabanja osauka mumzinda wa Rome mu 1907, ankadula malembo pa pepala lokhakhala kuti ana aziwatsatira ndi chala uku akutchula liwu lake. Ife tili ndi mchenga ndi dongo zimene zimagwira ntchito yomweyo popanda kulipira khobidi.

M'Chichewa mawu oti "kuwerenga" timawagwiritsa ntchito pa buku ndi pa mbuzi zomwe. Tiyeni tione mbali ziwiri zonsezi.

3. KUWERENGA NDI KULEMBA

(a) Makutu atsogole

Mwana asadaone lembo ayenera kumva kuti mawu amapangidwa ndi tizigawo. Chichewa n'chosavuta pamenepa chifukwa tili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa malembo amenewa. Khazikani ana mozungulira ndipo muombe m'manja maina awo: Ta-da-la katatu, Chi-so-mo katatu, Mpha-tso kawiri. Mwana aliyense aike pansi mwala umodzi pa kuomba kulikonse, kenaka aone amene ali ndi miyala yambiri. Pamenepo waphunzira maphatikizo ndi kuwerenga nambala nthawi imodzi.

Masewera ena ndi a dengu. Ikani m'dengu mbale, mpeni wa mtengo, supuni, sopo, lamba ndi lalanje. Mwana apise dzanja osayang'ana, atchule chimene wagwira, kenaka apeze china choyamba ndi liwu lofanana nacho, monga supuni ndi sopo, kapena lamba ndi lalanje. Muzitchula liwu la lembo monga limamvekera m'mawu. Mwana amene waphunzira kuti lembo lija ndi "esi" amavutika kuona chifukwa chake s ndi o zipanga "so", koma amene waphunzira "sss" amalumikiza yekha.

Tisataye nthano. Madzulo mukati "Padangotero" ana n'kuyankha "Tili tonse", mwayamba kale phunziro. Mukatha funsani kuti: adayamba ndani? Kenaka chidachitika n'chiyani? Iweyo ukadatani? Tsiku lina mwanayo asimbe yekha nthanoyo, kapena ana aichite ngati sewero. Mwana wodziwa mawu ambiri ndiponso wodziwa kutsata nkhani amamvetsa zimene akuwerenga akadzafika pa mabuku. Agogo amene sadapiteko ku sukulu ndiwo akatswiri pa gawo limeneli, ndipo tiwapatse malo.

(b) Lembo lilowe m'thupi

Yambani ndi a, e, i, o, u, limodzi pa sabata. Lembo lililonse lidutse njira zinayi. Poyamba mwana alilembe m'mwamba ndi mkono wonse. Kenaka alilembe ndi chala pa mchenga wosefa umene mwathira m'lichero lakale; akalakwitsa mungogwedeza lichero ndipo ayambirenso popanda womuseka. Kenaka aliumbe ndi dongo, aliyanike, likauma alitengere kunyumba. Pomaliza alilembe ndi khala pa katoni kapena pa mwala wafulati. Nthawi zonse azitchula liwu lake uku akulemba.

Ana awiriawiri angathe kulemberana pamsana ndi chala, wina n'kumalota lembo limene mnzake walemba. Mungathenso kujambula lembo lalikulu pabwalo ndi ndodo kuti ana ayende pamwamba pake kuchokera poyambira mpaka pothera.

Lembo limene mwana amalikonda koposa ndi loyamba la dzina lake. Lembani dzina la mwana aliyense pa kakatoni, ndipo m'mawa uliwonse alipeze yekha pamphasa asadakhale pansi. Pakatha milungu ingapo amayamba kuzindikira ndi maina a anzake omwe.

Ana ambiri amasokoneza b ndi d, kapena kulemba nambala chagada. Pa msinkhu wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimenezi si zachilendo. Tangoganizani: kapu ikayang'ana kumanja kapena kumanzere ikadali kapu, ndiye mwana amadabwa kuti lembo lokha likatembenuka lisintha dzina. Aumbe b ndi dongo sabata ino, d adzamuone patapita milungu ingapo. Musawaphunzitse tsiku limodzi.

(c) Kumanga mawu

Ana akadziwa malembo a liwu, onjezani m, n, t, k ndi l, limodzilimodzi. Dulani makatoni ang'onoang'ono, kapena sonkhanitsani zitsekerero za pulasitiki za mabotolo, ndipo pa chilichonse lembani phatikizo limodzi: ma, me, mi, mo, mu, ta, te, ti, to, tu, ndi ena otero. Ambiri a ife tidaphunzira mwa njira yomweyi ya maphatikizo, koma tinkangoimba motsatira mphunzitsi. Kusiyana kwake pano n'kwakuti mwana akugwira phatikizo m'manja ndi kulisuntha. Ndi malembo ochepawa angathe kumanga moto, mutu, mano, atate, nena, tola, lima ndi kalulu.

Muonetseni chodabwitsa ichi. Ikani "na" ndi "ma", awerenge "nama". Sinthanitsani makadiwo, awerenge "mana". Chitani chimodzimodzi ndi "mata" ndi "tama". Mwana akaona kuti makadi omwewo apereka mawu ena chifukwa chongosintha malo, wagwira chinsinsi cha kuwerenga, ndipo sadzangoloweza maonekedwe a tsamba.

Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2 pali vuto la malembo a mpweya. Pala ndi phala, kola ndi khola, ndi mawu osiyana. Mwana agwire nthenga ya nkhuku patsogolo pa milomo. Akati "pala" nthenga siyenda kwenikweni, akati "phala" imagwedezeka. Muuzeni kuti h ndiye chizindikiro cha kampweyako. Chimodzimodzi amve kusiyana kwa ng'ombe ndi ngoma, kuti adziwe ntchito ya kachizindikiro kali pa ng'.

Phada naye angatithandize. Jambulani mabokosi ake pansi monga mwa masiku onse, koma m'bokosi lililonse lembani phatikizo. Mwana akalumphira m'bokosi atchule zimene zalembedwamo. Wamkulupo alumphe mabokosi awiri kapena atatu amene apanga mawu.

Pomaliza, pangani buku lanu. Mwana ajambule mbuzi, nyumba kapena amayi ake, anene chiganizo chimodzi, inu muchilembe pansi pa chithunzicho monga momwe wanenera. Sokani mapepala angapo otere ndi ulusi pakati pa makatoni awiri. Buku limene mwana wapanga yekha amaliwerenga kosaleka.

Kumene ana amayankhula Chiyao, Chitonga, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena kunyumba, masewera a makutu ndi nthano ayambe m'chiyankhulo chimenecho. Mwana amagwira msanga malembo m'chiyankhulo chimene amachimva, ndipo luso limenelo amapita nalo ku Chichewa ndi ku Chingerezi.

4. NAMBALA NDI MASAMU

(a) Kuimba nambala si kuwerenga

Timanyadira mwana akamati "wani, thu, fili" mpaka 20. Koma muuzeni kuti akupatseni miyala inayi. Ena amangotapa dzanja lodzaza. Mwana wotere waloweza nyimbo, koma nambala sadaidziwe. Kuwerenga kwenikweni kuli ndi mbali zitatu: kukhudza chinthu chimodzi pa nambala imodzi, osadumpha kapena kubwereza, kudziwa kuti nambala yomaliza kutchula ndiyo kuchuluka kwa zonse, ndi kudziwa kuti miyala isanu ikadali isanu ngakhale muimwaze kapena muiunjike.

Mwana azisuntha mwala uliwonse kuchoka mbale ina kupita ina pamene akuutchula. Akatha mufunseni kuti, "Tsono yonse ilipo ingati?" Akayambanso kuwerenga kuchokera pa 1, musakwiye, ndiye kuti mbali yachiwiri ija sidakhazikike, ndipo afunika kubwereza masiku angapo. Kunyumba mutumeni atenge mbale imodzi ya munthu aliyense, supuni imodzi ya mbale iliyonse. Imeneyo ndi nzeru ya miyala ya Yoswa ija.

Nambala za Chichewa zili ndi phindu limene ambiri sitiliona. Tikati "zisanu ndi chimodzi", "zisanu ndi ziwiri", "zisanu ndi zitatu", tanena kale samu yophatikiza: dzanja lathunthu ndi zala zina za dzanja linalo. Mwana aone zimenezi pa zala zake. Nambala za Chingerezi azidziwanso chifukwa ndi zimene adzamve kumsika ndi ku sukulu, koma zonse ziwiri zizikhala ndi zinthu zogwirika patsogolo pake. Muzisinthanso zowerengazo kuti amve mmene mawu amasinthira: mwana mmodzi, ana awiri, mtengo umodzi, mitengo iwiri, mbuzi imodzi, mbuzi ziwiri.

(b) Thireyi ya mazira ndi mitolo ya khumi

Thireyi ya mazira 30 ili ndi mizere isanu ya mabowo asanu ndi limodzi. Dulaniko chigawo cha mizere iwiri ya mabowo asanuasanu, kuti mukhale ndi mabowo 10. Mwana aike miyala 7, kuyambira mzere wapamwamba. Adzaona yekha kuti mzere umodzi wadzaza, iwiri yapita pansi, ndipo mabowo atatu atsala. Mufunseni: yatsala ingati kuti ikwane khumi? Akazolowera 7 ndi 3, 6 ndi 4, 8 ndi 2, masamu a m'mutu adzamupepukira moyo wake wonse, mpaka pobweza chenji.

Ana akadziwa 1 mpaka 10, dulani timitengo tofanana kapena tizidutswa ta bango. Awerenge 10 ndi kumanga ndi luzi kukhala mtolo umodzi. Nambala 23 ndi mitolo iwiri ndi timitengo titatu tapadera. 32 ndi mitolo itatu ndi tiwiri. Mwana amene wanyamula zonse ziwiri m'manja sadzanenanso kuti 23 ndi 32 n'chimodzimodzi. Pochotsera, monga 23 kuchotsa 5, adzaona kuti titatu tija n'tosakwana, ndipo ayenera kumasula mtolo umodzi. Kumeneko ndiye "kubwereka" kumene kumazunguza ana ambiri pa bolodi. Ziro naye aonetsedwe: mbale imene munali miyala ndipo yonse yachotsedwa.

(c) Msika wa masanje

Ana amakonda masanje, ndiye tiwalole atsegule msika. Milu ya zitsononkho, tomato wa dongo ndi masamba zikhale malonda, zitsekerero zikhale ndalama. Mulu umodzi ugulidwe zitsekerero ziwiri. Wogula ali ndi zisanu. Agula milu ingati, ndipo atsala ndi zingati? Wogulitsa aike zinthu zitatuzitatu pa mulu. Milu inayi ndi zinthu zingati? Pamenepa pali kuphatikiza, kuchotsera ndi chiyambi cha kuchulukitsa. Kugawa kumaphunzirika pa mango: mango 6, ana atatu, aliyense alandire mofanana. Palibe mwana amene amalakwitsa samu imeneyi kawiri, chifukwa anzake salola. Ana okulirapo aphunzitseni bawo, pakuti wosewera amawerenga ndi kuganizira patsogolo nthawi yonse.

(d) Kusankhula, kuyeza ndi maonekedwe

Sakanizani miyala, zitsononkho ndi masamba, ana azipatule m'magulu ndipo anene chifukwa chake. Ndandalikani mwala, tsamba, mwala, tsamba, ndipo mwana apitirize mzerewo. Yalani chitenje kuti apeze maluwa amene akubwerezabwereza. Ayeze kutalika kwa mphasa ndi mapazi. Afunseni chifukwa chake mapazi a amayi akwana ochepa kuposa a mwana. Alote makapu amene angadzaze poto, kenaka athire madzi n'kuona. Apeze zozungulira ngati lichero, za ngodya zinayi ngati chitseko, ndi za ngodya zitatu ngati kutsogolo kwa denga la tchalitchi.

Ku Sande Sukulu nkhani za m'Baibulo zimabwera ndi nambala zake. Pa Luka 15 pali mayi wa ndalama khumi amene adataya imodzi: bisani chitsekerero chimodzi mwa khumi, ana awerenge zotsala ndi kufunafuna chotayikacho. Pa Yohane 6 pali buledi musanu ndi nsomba ziwiri: ana aziumbe ndi dongo. Nkhaniyo idzakhazikika m'mitima mwawo, nambala nazo zidzatsala m'mitu.

5. CHENJEZO LA ZAUMOYO

Gawo ili lisadumphidwe. Ku chipatala kumabwera ana amene alowetsa nyemba kapena chimanga m'mphuno ndi m'khutu. Mbewu ikanyowa imafufuma ndipo imavuta kuchotsa. Zikachitika musatokose ndi kamtengo kapena kuthira madzi, chifukwa mudzangoikankhira m'kati. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ana osakwana zaka zitatu asapatsidwe tinthu timene tingalowe m'kamwa. Iwowa awerenge zitsononkho, mango kapena miyala yaikulu ngati dzira.

Nthanga za nsatsi zimaoneka zokongola, koma zili ndi poizoni woopsa mwana akazitafuna. Zisapezeke m'bokosi la zowerengera. Mabatire akutha, makamaka ang'onoang'ono ozungulira a m'mawotchi, asaseweretsedwe. Mwana akameza limodzi, thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo. Zitsekerero za chitsulo zili ndi mano akuthwa ndipo zimachita dzimbiri, choncho za pulasitiki ndizo zabwino, zitatsukidwa ndi sopo. Mchenga ndi dongo zitengedwe kutali ndi chimbudzi ndi khola, chifukwa dothi loipitsidwa limakhala ndi mazira a njoka za m'mimba. Mchenga usefedwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Ana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera ndiponso asadadye.

Mwana amene sakugwira zimene anzake akugwira tisafulumire kumutcha mbuli kapena waulesi. Tiyambe tafunsa: kodi wadya? Kodi akumva bwino? Khutu lotuluka mafinya limachepetsa kumva, ndipo mwana wosamva bwino sangasiyanitse pala ndi phala. Imani kumbuyo kwake ndi kumuitana motsitsa mawu. Kodi akuona bwino, kapena amatsinzina ndi kuyandikitsa zinthu kumaso? Kodi zikhato ndi m'kati mwa zikope muli mbuu, kusonyeza kuchepa kwa magazi? Malungo obwerezabwereza ndi njoka za m'mimba zimafooketsa mwana ndi kumugonetsa m'kalasi. Mukaona zotere uzani makolo mwachikondi ndi mwamseri, ndipo apite naye kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala ndi buku lake la ku sikelo. Kumene gulu lingathe, kapu ya phala la chimanga losakaniza ndi soya kapena nsinjiro, ndi mchere wa ayodini, ithandiza kuposa chida chilichonse chophunzitsira.

Mwana wamanzere asiyidwe alembe ndi dzanja lake. Si matenda ndipo si mwano. Mwana wolumala asabisidwe m'nyumba, pakuti njira zogwira ndi manjazi zimamuthandiza kwambiri iyeyo. Ndipo pa zonsezi pasakhale mkwapulo. Mwana wamantha amaika maganizo pa dzanja la mphunzitsi, phunziro n'kumudutsa.

6. TIYAMBE BWANJI?

Mutu umodzi susenza denga. Gulu lililonse likambirane ndi ansembe ndi akuluakulu a tchalitchi za malo ndi nthawi. Kumene kuli kale sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi, tisatsegule ina yopikisana nayo. Tipite tikathandize alezi amene alipo, pakuti ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Tikaonanenso ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 wa pa sukulu yapafupi kuti atiuze malembo amene akuphunzitsa ndi mmene amawalembera, kuti tisasokoneze ana.

Ana aang'ono sakhalitsa pa chinthu chimodzi. Mphindi 10 kapena 15 pa ntchito imodzi n'zokwana. Chitsanzo cha ola limodzi ndi ichi: pemphero ndi nyimbo, kupeza maina pamphasa, nthano ndi mafunso, lembo la sabata pamchenga kapena dongo, masewera a pabwalo, nambala ndi miyala, kusamba m'manja ndi phala. Ana agawidwe m'magulu a asanu kapena asanu ndi mmodzi kuti aliyense agwire zida. Nthawi zonse pazikhala akuluakulu osachepera awiri, ndipo aphunzire poonekera, pofuna kuteteza ana ndi alezi omwe.

Mayi amene sadziwa kuwerenga asadzichotse. Angathe kusimba nthano, kuomba maina m'manja, kutsogolera msika wa masanje ndi kumanga mitolo ya khumi. Ambiri pothandiza ana amagwira nawo malembo. Abambo ndi achinyamata a mu mpingo tiwapemphe adule timitengo ndi kukhoma bokosi losungiramo zida. Tikumbukenso ana amasiye ndi amene akuleredwa ndi agogo okalamba, amene alibe wowafunsa madzulo zimene aphunzira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pa Yoswa 4, n'chifukwa chiyani Mulungu adafuna kuti ana ayambe aona miyala asadamve nkhani yake? Kodi ife timawayankha bwanji ana athu akamafunsafunsa?
2. Ndi ana ati m'dera lathu amene afika zaka zisanu ndi chimodzi koma sadayambe sukulu, kapena akubwereza Sitandade 1? Chikuwalepheretsa n'chiyani?
3. Ndi ntchito ziti za pakhomo, monga kuphika, kutunga madzi ndi kutsekera ziweto, zimene tingaphunzitsirepo nambala popanda kuwonjezera nthawi?
4. Tingamuthandize bwanji kholo limene limakhulupirira kuti mwana saphunzira popanda kukwapulidwa?

NTCHITO YA MWEZI UNO

Mayi aliyense abwere ku msonkhano wotsatira ndi chinthu chimodzi mwa izi: zitsekerero za pulasitiki 20 zotsuka, katoni, thireyi ya mazira, mitolo iwiri ya timitengo khumikhumi, kapena lichero lakale. Musankhe amayi awiri osunga bokosi la zida. Aliyense asankhe mwana mmodzi, wake kapena wa mnansi, achite naye masewera amodzi a malembo ndi amodzi a nambala katatu pa sabata, ndipo adzafotokozere gulu zimene waona. Alembi a magulu atumize malipoti kwa mlembi wa Mothers' Union wa parishi.

PEMPHERO

Mulungu Atate wathu, Inu amene mudapereka Mwana wanu kuti aleredwe m'manja mwa Maria Woyera ku Nazarete, tikuyamikani chifukwa cha ana amene mwatisungitsa. Tipatseni kuleza mtima pamene akuchedwa kumva, ndi maso oona amene akudwala kapena ali ndi njala. Dalitsani aphunzitsi ndi alezi onse amene ali ndi ana ambiri ndi zida zochepa. Dalitsaninso ntchito ya manja athu, kuti ana awa adzawerenge okha Mawu anu ndi kukutumikirani mu Mpingo ndi m'dziko lathu. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.